Kulima maluwa a gladiolus mu Lilongwe: nkhani yagona pa mutu wa pansi pa nthaka

Pepala lomwe limabwera ndi mbewu ya gladiolus yochokera kunja kawirikawiri limati mubzale chisanu chikatha ndipo mukumbe chisanu chisanabwerere. Malangizowo analembera anthu a ku Ulaya, kumene nthaka imauma gwa ndi kuzizira. Kuno ku Lilongwe chisanu chowaula mbewu sichichitikachitika, kupatula m'madambo otsika usiku wa mu Juni ndi Julayi. Chomwe chimamaliza gladiolus kwathu kuno ndi madzi: mvula ya mu Januwale ndi Febuluwale yodikha pa bedi, kapena paipi yoiwalika ikuthira malo amodzimodzi tsiku ndi tsiku. Mbewu imaola pansi mwini wake akuyamikira masamba.

Duwali si mlendo kwenikweni. Mitundu yake yachilengedwe ilipo pafupifupi 300, ndipo yambiri kwawo ndi kuno ku Africa, makamaka ku South Africa. Umodzi mwa iyo, Gladiolus dalenii, wa maluwa ofiirira osakanikira ndi chikasu, umamera wokha m'maudzu a ku Nyika, ku Viphya, ku Dedza ndi ku Zomba nthawi ya dzinja. Mtundu umenewu ndi limodzi mwa makolo a maluwa akuluakulu omwe timagula lero, amene alimi a ku Ulaya anawapanga pokwatitsa mitundu ya ku Africa m'zaka za m'ma 1800. Dzinalo ndi la Chilatini, lochokera ku liwu lotanthauza lupanga, chifukwa cha masamba ake osongoka. Wakutchireyo amatiphunzitsa chinthu chimodzi chofunika: amakula ndi mvula pamalo osadikha madzi, kenako n'kugona m'nthaka youma chilimwe chonse. Wa pakhomo amafunanso zomwezo, nthawi ya madzi ndi nthawi youma.

Mutu ndi chiyani

Anthu ambiri amati gladiolus amabzalidwa ndi "anyezi". Mukaudula mupeza kuti si anyezi ayi. Anyezi ali ndi magawo okutanakutana, pomwe uwu ndi wolimba mkati monse ngati koko, wokutidwa ndi makoko ouma kunja. M'nkhani ino tiziutchula kuti mutu. Pamwamba pake pali nsonga yomwe imatulutsa mphukira, pansi pake pali chipsera chozungulira pomwe pamatuluka mizu.

Mutu umakhala nyengo imodzi yokha. Womwe mwabzalawo umapereka chakudya chake chonse ku masamba ndi maluwa, n'kufota. Pamwamba pake pamakula mutu watsopano, nthawi zina iwiri, ndipo m'mbali mwake mumamera tiana tating'onoting'ono ngati nandolo. Ndiye kuti maluwa a nyengo ikubwerayo amakonzedwa m'masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu otsatira kudula maluwa a nyengo ino, nthawi yomwe ambiri amakhala atasiya kale kuthirira chifukwa "zatha".

Ogulitsa amayeza mitu pozunguliza, osati modutsa pakati. Mukaona 12/14 pa paketi, ndiye kuti chingwe chozunguliza mutuwo n'chotalika masentimita 12 mpaka 14, ndipo modutsa pakati ndi pafupifupi masentimita 4. Saizi imeneyi imapereka phesi lalitali la maluwa ambiri. Ya 10/12 imachitanso bwino. Ya 8/10 imamasula, koma phesi lake limakhala lalifupi ndipo imachedwerapo. Musatengeke ndi mutu waukulu wophwatalala ngati chitumbuwa, wolowa pakati. Umenewo ndi wokalamba. Wabwino ndi wonenepa chokwera, wolemera m'manja, wolimba mukaufinya. Sendani pang'ono khoko la pansi muone. Mukapeza mawanga akuda olowa mkati, kapena pofewa pozungulira chipsera, usiyeni ngakhale kunja ukuwala. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ndipo amene mukufuna kuitanitsa mbewu kunja kwa dziko, kumbukirani kuti pamafunika chilolezo cha ku Unduna wa Zamalimidwe.

Kalendala ya ku Lilongwe

Kuchokera pobzala kufika pomasula pamatenga masiku 70 mpaka 100, malinga ndi mtundu, kukula kwa mutu ndi nyengo. Yobzala mu Meyi imakula pang'onopang'ono chifukwa cha kuzizira ndipo imatha kupitirira masiku 100. Yobzala mu Seputembala imathamanga.

Nyengo yabwino koposa, ngati muli ndi madzi othirira, ndi kuyambira mu Epulo mpaka kumayambiriro kwa Julayi. Mvula imakhala italeka, dzuwa lilipo lokwanira, usiku n'kozizira, ndipo masamba amakhala ouma kotero matenda sachuluka. Maluwa a nyengo imeneyi amakhala a mtundu wowala ndi phesi lolimba. Yobzala mu Ogasiti ndi Seputembala imamasula m'kati mwa kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, pomwe masana amafika madigiri 30, ndipo tizilombo timakhala tili pachimake. Yobzala ndi mvula yoyamba imakula popanda kheni, koma imakumana ndi dzimbiri la masamba ndi kuola.

Wofuna maluwa pa tsiku lodziwika awerenge chobwerera m'mbuyo. A Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, abzalidwe m'masabata awiri oyamba a Julayi. A pa 14 Febuluwale abzalidwe chapakati pa Novembala. Musabzale yonse tsiku limodzi, chifukwa phesi limodzi limakongola kwa sabata imodzi kapena masiku khumi basi. Gawani mbewu yanu m'magulu, muzibzala gulu limodzi pakatha masiku 10 mpaka 14. Pokonzekera ukwati, bzalani magulu atatu otalikirana sabata imodzi, lapakatilo likhale loloza tsiku lenilenilo. Limodzi mwa atatuwo lidzakumana nalo.

Pali vuto lina lomwe mapepala akunja sanena. Mutu ukangokumbidwa umagona miyezi iwiri kapena itatu, ndipo ngakhale muuthirire bwanji sumera. Mukauika m'nthaka yonyowa uli m'tulo, umangoola. Kuphatikiza miyezi itatu yokula, iwiri yokhwimitsa mutu, ndi itatu yogona, ulendo wonse ndi wa miyezi pafupifupi isanu ndi itatu, osati khumi ndi iwiri. Kumayiko ozizira chisanu chimasunga mitu mpaka chaka chikwane. Kuno ayi. Mbewu yobzala mu Epulo imamasula mu Julayi, imakumbidwa mu Seputembala, ndipo pofika Disembala yayamba kale kutulutsa mphukira m'thumba. Pamenepo muli ndi njira ziwiri: kuibzala m'dzinja pa bedi lokwera, kapena kuisunga mufiriji kuti idikire Epulo. Yobzala mu Julayi ndiyo imagwirizana bwino ndi chaka chathu: imamasula mu Okutobala, imakumbidwa kumayambiriro kwa Disembala, imagona dzinja lonse pouma m'nyumba, ndipo mu Epulo yakonzeka.

Malo ndi bedi

Sankhani malo a dzuwa la tsiku lonse, osachepera maola asanu ndi limodzi. Pansi pa mango kapena m'mphepete mwa mpanda wa njerwa womwe umatchinga dzuwa la m'mawa, mbewu imatulutsa masamba okhaokha popanda phesi. Katondo wofiira wa m'madera ambiri a Lilongwe ndi wabwino mukamugaula bwino. Makande akuda a m'dimba, monga a m'mbali mwa Lingadzi, amasunga madzi kwambiri. Pamenepo sakanizani mchenga wa kumtsinje ndi manyowa, ndipo m'dzinja musayerekeze n'komwe. Kuti mudziwe ngati malo ndi a lowe, kumbani dzenje lakuya masentimita 30, mudzaze madzi madzulo. Mukawapeza m'mawa, fufuzani pena. Nthaka yoyenera ndi ya pH (muyeso wa asidi wa m'nthaka) 6 mpaka 6.5, ndipo wolima zogulitsa angachite bwino kukayezetsa dothi lake kumalo a kafukufuku wa zaulimi ku Chitedze.

Pewani pomwe panali gladiolus m'zaka zitatu kapena zinayi zapitazi. Pewaninso pomwe tomato kapena fodya anatupa mizu, chifukwa tinyongolotsi tosaoneka ndi maso tomwe timatupitsa mizuyo timagwiranso duwali. Nyemba zikhale patali: nsabwe za m'masamba zimatenga matenda a mawangamawanga ku nyemba n'kukawapatsira ku maluwa.

Gaulani mozama masentimita 30. Bedi likhale la mita imodzi m'lifupi, lokwera masentimita 15 m'chilimwe, 25 m'dzinja. Thirani ndowa imodzi ya manyowa owolerana pa sikweya mita iliyonse, masabata awiri musanabzale. Mawu akuti owolerana tikuwanena motsindika. Zitosi za nkhuku zaziwisi kapena ndowe yongochoka m'khola zikakhudza mutu zimautentha ndi kutsegulira njira matenda oolesa. Manyowa abwino ndi akuda, ozizira, onunkhira dothi.

Feteleza wokulitsira akhale wa mchere wa potashi wokwanira, monga D Compound, magalamu 50 mpaka 60 pa sikweya mita, wosakanizidwa ndi dothi la pansi pa mzere kuti asagundane ndi mutu. Feteleza wa chimanga ali ndi nayitirojeni wambiri kuposa momwe duwali limafunira: masamba amabiriwira mosiririka, koma phesi limakhala lofewa ndipo mitu siisungika. Supa fosifeti musamuthire. Amakhala ndi fluoride, ndipo gladiolus ndi imodzi mwa mbewu zomwe sizipirira mchere umenewu. Nsonga za masamba zimapsa ngati zawauka ndi moto.

Kubzala

Lembani mizere itatu pa bedi, yotalikirana masentimita 30. Kumbani ngalande yakuya masentimita 12 mpaka 15 pa dothi la mchenga, masentimita 10 pa dothi lolemera. Ikani mitu nsonga ili m'mwamba, motalikirana masentimita 15. Bedi la mamita atatu m'litali limalowa mitu 60. Makoko musachotse onse, amateteza. Ngati mbewu yanu mukuikayikira, iviikeni kwa mphindi 20 m'mankhwala opha nkhungu monga Dithane, osungunulidwa motsatira zolembedwa pa paketi, muiumitse pamthunzi, kenako mubzale.

Kuya kumeneku kuli ndi chifukwa. Phesi limatalika mita imodzi kapena kupitirira, limalemera ndi maluwa mbali imodzi, ndipo mizu yake ndi yochepa. Wobzala pamwamba amaona mbewu ikumera msanga n'kusangalala, koma mphepo ya mu Ogasiti ikabwera amadzapeza zonse zitagona. Komanso poti mutu watsopano umakula pamwamba pa wakale, ukakhala pafupi ndi dzuwa umapsa.

Thirirani kamodzi mokwanira, muphimbire ndi udzu wouma wopanda njere, kenako mudikire. Mphukira zimaoneka pakatha sabata imodzi kapena itatu. Nthawi imeneyi dothi lingokhala lachinyontho, osati matope. Ngati chiswe chili chambiri pamalopo, udzu ukhale wochepa ndipo usagunde mphukira.

Werengani masamba

Gladiolus amakuuzani zomwe akufuna kudzera m'chiwerengero cha masamba. Tsamba lachitatu likamaoneka, duwa limakhala likuyamba kupangika mkati, pansi penipeni, losaoneka. Kuyambira pamenepo mpaka tsamba lachisanu ndi chimodzi kapena chisanu ndi chiwiri, pomwe phesi limatulukira, mbewu ikasowa madzi kapena dzuwa maluwa amachepa, mwinanso phesi limafera mkati osatuluka n'komwe. Ambiri amadandaula kuti anagulitsidwa mbewu yosabereka, chonsecho bedi linauma sabata imodzi yokha pa nthawi yolakwika.

Muyeso wake ndi malita 25 pa sikweya mita pa sabata m'nyengo yozizira, ogawidwa kawiri. Bedi la mamita atatu lija ndiye kuti makheni anayi a malita 10, kawiri pa sabata. Mu Seputembala ndi Okutobala onjezerani kufika kawiri muyeso umenewu, ndipo muzithirira katatu. Kuwaza pang'ono tsiku lililonse kumangonyowetsa pamwamba pomwe mizu ili pansi. Thirani m'mawa, pa dothi, osati pa masamba. Phesi lopindika ngati ndodo ya agogo limabwera chifukwa cha ludzu la masana: nsonga imalefuka n'kuwerama, madzulo imadzukanso, koma popindika paja pamaumiratu.

Feteleza wobereketsa ndi CAN, magalamu 15 mpaka 20 pa sikweya mita, pa tsamba lachitatu ndiponso pa lachisanu ndi chimodzi. Muikeni m'kangalande masentimita 10 kuchokera pa mbewu, mukwirire, muthirire. Maluwa akayamba kuonetsa mtundu, nayitirojeni basi. Mbewu ikafika masentimita 25 mpaka 30, bandirani ngati chimanga. Kenako zikani nsungwi m'makona ndi m'mbali mwa bedi, mumange chingwe mozungulira pa masentimita 40 ndi china pa 80. Kuzika kamtengo pafupi ndi mbewu iliyonse ikakula kale kumabaya mitu.

Adani

Mdani wamkulu wa m'chilimwe ndi thrips, tizilombo takuda toonda ngati nsonga ya singano, totalika mwina mamilimita awiri. Timabisala m'makwinya a masamba ndi m'maluwa osamasula. Chizindikiro choyamba ndi timizere totuwa ngati siliva pa masamba. Mukachedwa, maluwa amauma m'mbali, amatuluka opunduka, ena osatseguka n'komwe. Gwedezani phesi pamwamba pa pepala loyera ndipo mudzationa tikuyenda. Kupopera kuyambe masamba ali atatu kapena anayi, chifukwa tikalowa m'maluwa mankhwala satipeza. Madzi a nimu osakaniza ndi sopo pang'ono amathandiza tikadali tochepa. Tikachuluka pamafunika mankhwala a kusitolo olembedwa kuti amapha thrips, ndipo muzisinthasintha mtundu chifukwa timazolowera msanga. Timapitanso ndi mitu kosungira, n'kumaiyamwa mpaka kuchita zipsera zofiirira zomata.

M'dzinja mdani ndi dzimbiri. Limadziwika mosavuta chifukwa timatuza take tachikasu chofiirira timandanda mopingasa tsamba, osati motsata utali wake. Thotholani masamba oyamba kugwidwa muwatenthe, ndipo mvula ikamagwa mowirikiza poperani Dithane sabata iliyonse. Mbewu zothithikana ndi udzu wosapalira zimalikulitsa.

Choopsa kuposa zonsezi ndi Fusarium, nkhungu ya m'nthaka. Masamba amachita chikasu kuyambira akunja, mbewu imapinimbira, nthawi zina imakhota, ndipo mukazula mupeza mutu wabulauni mkati. Palibe mankhwala ochiza mbewu yomwe yagwidwa kale. Zulani pamodzi ndi dothi lozungulira, mutenthe, musaponye pa kompositi. Nkhunguyi imakhala m'nthaka zaka zambiri, n'chifukwa chake kasinthasintha wa malo sitimunyengerera. Mbewu ya masamba a mawangamawanga ndi maluwa othimbirira mizeremizere nayonso izulidwe, chifukwa matenda amenewo amapitirira mu mitu ndi tiana tomwe.

Mphutsi zodula mphukira usiku zimapezeka mukafukula dothi pafupi ndi mbewu yodulidwayo. Mfuko akalowa m'bedi amadya mzere wonse kuchokera pansi. Kumene ali ambiri, yalani waya wa maso ang'onoang'ono pansi ndi m'mbali mwa ngalande, kapena bzalani m'ndowa zoboola pansi, mitu isanu m'ndowa ya malita 20. Agalu ndi amphaka asatafune mitu, imawadwalitsa.

Kudula

Maluwa amamasula kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Dulani m'mawa kwambiri, duwa loyamba kapena lachiwiri la pansi likangoonetsa mtundu. Ogulitsa kutali adule lisanatseguke. A m'nyumba angadikire kuti limodzi litseguke. Lowetsani mpeni wakuthwa pakati pa masamba, mutsetsereke nawo pansi, mudule phesi mopendeketsa, koma pa mbewu patsale masamba osachepera anayi. Masamba amenewo ndiwo adyetse mutu watsopano. Wodula mbewu yonse kuti phesi lioneke lalitali pamsika wagulitsa ndi mbewu ya nyengo yamawa yomwe.

Mapesi aimirire chilili m'ndowa ya madzi nthawi yomweyo, ndipo ayende choimirira ngakhale pa galimoto. Mukawagoneka kwa maola ochepa, nsonga zimakhotera m'mwamba ndipo siziwongokanso. Madzi abwino ndi a mvula. Madzi a m'mijigo ina, monga ya kudera la Nathenje kumene fluoride amadziwika kuti ndi wambiri, amapsereza m'mbali mwa maluwa. Pa lita imodzi ikani masipuni ang'onoang'ono awiri a shuga ndi madontho ochepa a Jik. Pakatha masiku awiri aliwonse sinthani madzi, mudule masentimita awiri pansi pa phesi, muchotse maluwa ofota.

Kukumba ndi kusunga

Mukadula maluwa pitirizani kuthirira ndi kupalira kwa mwezi umodzi, kenako muchepetse, ndipo masabata awiri omaliza musiyiretu. Maluwa omwe simunadule achotseni akafota kuti mbewu isataye mphamvu popanga njere. Pakatha masabata 6 mpaka 8 chidulireni maluwa, masamba akayamba chikasu, kumbani ndi foloko kapena khasu kuchokera patali, tsiku lopanda mvula. Musadikire kuti masamba aumiretu, chifukwa tiana timayoyokera m'dothi. Kuisiya m'nthaka n'kotheka kumene bedi limaumiratu, koma pakhomo pomwe pamathiriridwa chaka chonse mitu imaola, ina imathithikana n'kuchepa.

Dulani masamba pafupi ndi mutu, kusiya sentimita imodzi kapena awiri. Yanikani pamthunzi podutsa mphepo, pa mphasa kapena pa chitsulo cha sefa, mosasanjikiza, kwa masabata awiri kapena atatu. Dzuwa la mu Okutobala pa simenti limaphika mitu. Ikauma bwino, mutu wakale wofota uja umachoka ndi chala chachikulu n'kusiya chipsera choyera. Ukakanirira, sunaume, dikirani. Tayani yonse ya mawanga, ina yotsalayo muiwaze phulusa louma kapena mankhwala a ufa opha nkhungu, muike m'matumba a ukonde aja a anyezi, mupachike m'chipinda chozizira kumene makoswe safika. Pulasitiki ayi. Muziyang'anamo kawiri pa mwezi.

Ya mufiriji ikhale m'thumba la pepala m'kabati ya ndiwo zamasamba, pa madigiri 4 mpaka 7, osati mouma madzi. Kuzizira kumachita ziwiri: masabata 6 mpaka 8 amadzutsa mitu kuti idzamere pamodzi, ndipo kupitirira apo kumaigwira kuti isaphuke mpaka mutaifuna. Isakhale pamodzi ndi maapozi kapena zipatso zina zakupsa, chifukwa mpweya womwe zimatulutsa umaononga mitu. Itulutseni sabata imodzi musanabzale. Timatuza toyera tikatupa mozungulira chipsera cha pansi, yadzuka.

Mtundu uliwonse ukhale m'thumba lakelake lolembedwa. Anthu amati gladiolus amasintha mtundu, kuti anabzala oyera, ofiira ndi apinki koma patatha zaka zitatu onse ndi amtundu umodzi. Mutu susintha mtundu. Chimachitika n'chakuti mtundu wamphamvu umabereka mitu iwiriiwiri ndi tiana tambiri, pomwe wofooka ukutha pang'onopang'ono ndi kuola, ndipo m'thumba losakaniza simungazindikire mpaka utatheratu.

Tiana tija musataye, ndi mbewu yaulere yofanana ndendende ndi make. Sankhani tokulirapo, tisungeni mofanana ndi mitu, ndipo musanabzale tiviikeni m'madzi tsiku limodzi kapena awiri kuti khoko lake lolimba lifewe. Fesani m'mizere yakuya masentimita 4 mpaka 5, motalikirana masentimita 5, pa bedi lapadera. Timamera ngati udzu, choncho uzani wopalira asatizule. Nyengo yoyamba timapereka timitu ta saizi ya ndalama yachitsulo. Nyengo yachiwiri tina timayesa kutulutsa phesi. Lidulireni likadali laling'ono kuti mphamvu ipite pansi. Pofika nyengo yachitatu mitu yambiri imakhala yafika pa 10/12 kapena kuposa, yoyenera kulowa pa bedi la maluwa.